Chitseko cha a Filimoni Chidakali M'khoma

Ndinadandaula koyamba Lachisanu lotsatira m'meto, chaka chatha, fodya ali m'zigafa. Ndinalankhula pakamwa, pakhonde la nyumba ya malemu ku Mitundu, kwa a Gilibati, mlongo wa mkazi wa malemu, amene ndiwo mwini mbumba kumeneko. Ndinawauza kuti chitseko chija cholowa m'khoma, cha kachipinda ka m'kati, chaguluka pa njanji yake ndipo chikonzedwe. Anati amva. Nthawi yokolola chimanga ndinapitanso, n'kupeza chitsekocho atachikankhira m'khoma, pakamwa pa khomalo atamata ndi simenti, ndipo pakhomopo atapachika chitseko china chogula, chotsegukira m'kati. Ulendo umenewo ndinalemba kalata, ndipo kope lake ndili nalo. Kachitatu ndinatuma mawu kudzera kwa mkulu wa mpingo. Mpaka lero kuno ku Nathenje sikunafike yankho, ngakhale la pakamwa pa munthu wodutsa.

Tsopano a m'banja mwandipempha kuti ndilembe mbiri ya akulu anga, a Filimoni Mwale, kuti iwerengedwe pa tsiku loonetsa chiliza chawo. Ndalemba. Koma m'kachipinda kameneko mukugona mkazi wawo, alamu anga a Nachisale, amene miyendo yayamba kuwakana, ndipo chitseko chikutsegukira kumene iwo angagwere. Mundikhululukire, mbiri ya munthuyu ndi dandaulo langa sindingathe kuzilekanitsa.

A Filimoni anali mwana wa mayi anga aakulu, ndipo ine ndinali nkhoswe ya ukwati wawo. Anabadwira kuno ku Nathenje, anakaphunzira ukalipentala ku Halale, n'kubwerako ndi bokosi la zipangizo komanso chifuwa chimene sichinawatayenso. Anakwatira ku Mitundu n'kukhala komweko chikamwini. Nyumba ya njerwa zowotcha ndi malata anaimanga okha pamalo a akuchikazi, akudziwa bwino lomwe kuti tsiku lina adzaisiya. Ankakonda kunena kuti chuma cha mkamwini ndi chokhacho chimene chingamangidwe pa keliyala ya njinga, ndipo ankanena zimenezi osakwiya, ngati munthu wonena kuti kunja kukutentha. Zinachitikadi choncho. Thupi tinabwera nalo kwawo, bokosi la zipangizo linatsatira pa ngolo, nyumba inatsala kwa eni nthaka.

Sindilemba kuti anali munthu wofatsa, pakuti ambiri mwa inu munakanganapo nawo. Akalowa m'nyumba ya munthu, moni ankayamba kupereka kwa chitseko. Achitsegule, achitseke, amvetsere, apukuse mutu, ndiye afunse za ana. Kutchalitchi ankapita ndi pensulo kukhutu, ndipo ulaliki uli m'kati dzanja lawo linkayenda kunsi kwa benchi, kufufuza pamene mmisiri wina anabisa ulesi wake. Akapapeza ankatsonya, anthu n'kumaganiza kuti akutsonya mlaliki. Ndi a Saidi a golosale ya pamsika anakangana zaka zonse pa nkhani ya misomali. Iwo ankati ndi yofewa ngati udzu, a Saidi ankati vuto ndi mkono wa womenya, ndipo mawa lake unkawapeza akumwa tiyi limodzi kuseri kwa kauntala. Ntchito ya anthu ankaimaliza, ya pakhomo ayi. Kabati ya akazi awo anaiyamba mwana wawo Esinati ali kumsana, ndipo Esinatiyo anakwatiwa kabatiyo ilibe zitseko. Ine ankandinyoza chifukwa cha mapepala. Ndinali kalaliki, ndipo sinditaya pepala, ngakhale tikiti ya basi. Ankati tsiku limene denga lidzandigwere ndidzatulukamo nditanyamula lisiti la malata, akazi anga nditawasiya momwemo.

Munthu amene ankamuopa anali mmodzi yekha: apongozi awo, a Nankhoma. Akawaona akubwera panjira ankakhotera m'chimanga ndi njinga yomwe, matabwa ali pa keliyala, n'kuima momo mpaka mayiwo atadutsa. Nawonso a Nankhoma akamva belu la njingayo ankatembenukira kuthengo, nsalu kumaso. Sanadyerepo pamodzi, sanayang'anizanepo m'maso, ndipo ukafunsa aliyense wa iwo za mnzake unkamva zabwino zokhazokha.

Mwambo umenewu suvuta aliyense akakhala m'nyumba yake. Unavuta a Nankhoma atafa mbali imodzi ya thupi, pamene a Nachisale anawatenga kudzawagoneka m'kachipinda ka m'nyumba ya malata ija. Khomo la kachipindako lili m'kanjira kopapatiza kochokera pabalaza kupita ku khomo la kuseri, moti a Filimoni ankadutsapo m'mawa ndi madzulo. Ine monga nkhoswe ndinati tichite zimene ena amachita: mkamwini apereke nkhuku, apongozi alandire, manyazi athe, anthu azionana. A Filimoni sanakane. Anakana ndi a Nankhoma, ndipo yankho anatumiza kudzera mwa mwana wawo.

"Mwana wa eni ake ndamuopa ndili ndi mano, ndikuyenda ndekha. Ayambe kundiona lero, ndikudikira munthu wondisintha nsalu? Nkhuku yawoyo adye okha."

Ndiye anapeza njira yawo. Pakakhala mwana pafupi ankatuma mwanayo. Pakapanda mwana ankatuma chitseko. Ndinamva ndi makutu anga.

"Chitseko, uwauze agogo ake a Esinati kuti kunjaku kwachita mitambo."

"Chitseko, uwauze bambo ake a Esinati kuti mafupa anga anandiuza kale. Akaanule mphale ya mwana wanga, asangoima pamenepo ngati mzati."

"Chitseko, uwauze kuti ndapita."

Chaka chachiwiri cha matendawo ndinalandira mawu akuti ndipite ku Mitundu ndi zovala zogwirira ntchito. Chimene chinawachititsa ndichifotokoza pambuyo, chifukwa ndicho ndikufuna chitsale m'makutu mwanu. Ndinapeza a Nankhoma atawasamutsira kaye kwa mng'ono wawo, mipando ili pabwalo, ndipo akulu anga atajambula chinthu pa pepala la thumba la simenti. Pepalalo lili kwa ine. Anati ku Halale, m'nyumba ya mzungu wina, anaonako chitseko chopanda mahinjesi, cholendewera pa njanji, chimene ukachikankha chimalowa m'khoma. Kumeneko khomalo analimanga kale ndi mpata wake. Lawoli linali khoma lathunthu, la njerwa ziwiriziwiri, ndipo pamwamba pake panagona mtanda wa denga.

"Akulu," ndinatero, "bwanji osangotembenuza mahinjesi, chitseko chizitsegukira kunja?"

"M'kanjira muno? Chimenye mlamu wako ali ndi ndowa pamutu? Ndiponso, iwe Tobiyasi, chitseko cha mahinjesi sichidziwa kutseguka pang'ono. Ukachitsegula kuti ulowetse kapu, diso lako lafika kale pabedi."

"Nanga nsalu yotchinga?"

"Apongozi anakana. Akuti nsalu imamvera mphepo."

Tinachirikiza mtanda uja ndi mizati ya bulugama, n'kuyamba kuchotsa njerwa kuyambira pakhomo kupita cham'mbali, malo okwana chitseko chonse. Fumbi lili koboo, anatulukira a Gilibati.

"Alamu, nyumba mukugwetsayi ndi ya yani?"

"Sindikugwetsa. Ndikukonza polowa chitseko."

"Polowa chitseko? Chasanduka mbewa, chikufuna una?"

"Mbewa ndi yanga, alamu, una ndi wanga."

"Koma munda ndi wathu."

A Filimoni anaika hamala pansi. Anati ngati eni munda afuna, abwere azikhala m'kanjiramo masana onse kusamalira mayi awo, iwo amange katundu pa keliyala abwerere kwawo ku Nathenje. A Gilibati anayang'ana mizati ija, anayang'ana mlongo wawo amene anaima ndi tsache m'manja, n'kuchoka akunena kuti denga likagwa tisawaitane.

Denga silinagwe, koma linalira, ndipo mtanda unatsika pang'ono. Mpaka lero malata a pamenepo amadontha, ndipo sindibisa. Tinagoneka thabwa lochindikala la mlombwa pamwamba kuti linyamule kulemerako. Kunsi kwake anamangirira chitsulo cha bedi lakale kuti chikhale njanji. Chitsulocho anawapatsa ndi a Saidi, atayamba awanyoza. Mawilo anapanga ndi mahabu a njinga. Kenako anamanganso khomalo mbali ziwiri, njerwa ataziimika cham'mbali, n'kusiya pakati mpata woti chitseko chiziyendamo. Khoma lopyapyala chotero limagwa ukalitsamira lisanaume. Linagwa kamodzi, wotsamirayo ndinali ine, ndipo mawu amene anandiuza tsiku limenelo si owerengedwa pamanda.

Tsiku loyesa anthu anadzaza mpaka pakhonde. A Gilibati analiponso, manja kumbuyo. A Filimoni anachikoka, chinatseka bwinobwino. Anachikankha ndi chala chimodzi, monyadira, ndipo chinathamanga pa mahabu aja, chinalowa m'khoma chonse, n'kugunda kumapeto. Panalibe pogwira. Anaiwala kuti chinthu cholowa kuuna chimafunika mchira. Anapisa zala, anapisa waya, chitseko chili phee m'kati.

"Itanani ana abwere ndi makasu," anatero a Gilibati. "Kapena tiifukize utsi, ituluka yokha."

Anthu anaseka mpaka ena anakhala pansi. Akulu anga sanaseke. Anaboola njerwa imodzi kumapeto kwa mpatawo n'kuchikankha ndi ndodo. Madzulo omwewo anadula lamba wawo wachikopa wa ku Halale, n'kumukhomera m'mphepete mwa chitseko kuti azilendewera panja. Mlungu wonse anayenda buluku atamanga ndi luzi.

Chitsekocho sichinali changwiro. Akachedwa kuthira oyilo chinkalira ngati ngolo, makoswe ankamanga zisa kumapeto kwake, ndipo chaka ndi chaka ankalimbana ndi chiswe. Koma chinkachita chimene anachipangira. Bedi analitsamiritsa kukhoma lomwelo, moti woyang'ana pampata ankangoona khoma la kutsidya, ndipo katebulo anakaika pofika dzanja labwino la wodwalayo. A Filimoni ankachikankha mpata wa chikhatho, kupisa dzanja, kuika kapu ya madzi kapena mbale ya phala, dzanja n'kubwerera. Masana ntchito ikachepa ankakhala pa kampando m'kanjiramo, msana kukhoma, wayilesi ataiika pampata kuti amvere limodzi mauthenga a maliro. Dzina likatchulidwa ankafunsana, kudzera pa chitseko, kuti ameneyo ndi wa kwa yani. Nthawi zina ankakangana.

"Chitseko, uwauze achepetse wayilesi. Ndafa mwendo, sindinafe makutu."

"Chitseko, uwauze kuti dzulo anati sikumveka."

"Dzulo ndi dzulo, chitseko."

Mbiri ya chitsekocho inafika kutali. Anthu obwera ku msika ankapatuka kudzaona, ndipo a Filimoni ankawaimitsa pakhonde n'kuwauza kuti m'nyumbamo muli munthu, si filimu. Aphunzitsi aakulu ena anafuna chotero m'nyumba mwawo. Anawafunsa ngati ali ndi wodwala. Atati ayi, anawauza kuti ndiye chitseko chimene ali nacho n'chabwino, asawononge khoma. Moyo wawo wonse sanapangenso china.

A Nankhoma anakhala m'kachipindamo zaka zingapo. Tsiku limene anamwalira, azimayi osambitsa atamaliza, a Filimoni anakankha chitseko chonse m'khoma kuti thupi lidutse, nkhope atayang'ana kumbali. Bokosi anapanga okha, muyeso atatenga kwa akazi awo. Pamene anthu ankaona nkhope, iwo anakaima kuseri kwa nyumba. Ndinawatsatira n'kuwauza kuti tsopano palibe choletsa. Anandiyankha kuti mayiwo anawapempha kanthu kamodzi kokha moyo wawo wonse, ndipo anapita osabweza pempholo.

Pempholo linali lotani? Ndibwerere ku chaka chachiwiri cha matenda chija, chitseko chakale cha mahinjesi chikadalipo.

Inali nyengo yoti azimayi akaphunzire magule a chikondwerero ku Lilongwe. Lole yodzawatenga inafika m'mawa pamsika. Za lole sindidandaula. Palibe amene amadandaula za lole. Ndingonena kuti a Nachisale anauza amayi oitana mayina kuti ali ndi wodwala, ndipo anayankhidwa kuti pakhomo pali mwamuna. Anawasambitsa mayi awo, anawamwetsa phala, anatseka chitseko, n'kukakwera. Esinati anali kusukulu. M'mudzi munatsala amuna, mbuzi ndi okalamba osayenda.

A Filimoni ankapala matabwa pansi pa mtengo wa mango pamene anamva chinthu chikugwa m'nyumba, kenako kapu ikugubuduka pa simenti. Anathamangira m'kanjira.

"Chitseko, funsa ngati kuli bwino uko."

Kenako mawu anabwera, koma sanachokere pabedi. Anachokera pansi, pa mpata wa pakati pa chitseko ndi simenti.

"Chitseko, uwauze apite ku ntchito yawo. Palibe kanthu."

Anali atayesa kufikira okha chitini cha pansi pa bedi, n'kugwa, mutu ndi phewa zitatsamira chitseko. A Filimoni anaona madzi akutuluka kunsi kwa chitseko kubwera kumapazi awo, ndipo sanali a m'kapu okha. Anagwira chogwirira n'kukankha pang'ono. Thabwa linakanikiza thupi, mayiwo anakuwa. Ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire ukwati wa mwana wawo, a Nankhoma analankhula kwa mkamwini wawo osatuma kanthu.

"Bambo, musandione. Ndagwira mwendo wanu, musandione chonchi."

Zenera la kachipindako linali ndi zitsulo zimene a Filimoni anazika okha, ndipo anazizika bwino. Mahinjesi anali m'kati. Anathamanga khomo ndi khomo kufuna munthu wamkazi wamphamvu, osamupeza. Anakafika kumsika, kumene mayi Asiyatu, akazi a a Saidi, anatsala chifukwa anali ndi khanda. Mayiwo anasiyira amuna awo khandalo pa kauntala n'kubwera akuthamanga.

Chitsekocho chinali cha mlombwa, ntchito ya manja awo imene ankaonetsa alendo. Anaboola ndi tchizulo chapakati, pamwamba pa pamene panali mutu wa wogwayo, n'kulowetsa sowo kuti achidule chopingasa. Bowolo litayamba kuonetsa kuwala kwa m'kati, anatenga duku la akazi awo pachingwe, anadzimanga kumaso, n'kupitiriza kucheka akufufuza ndi zala. Chipsera chimene munkachiona pa chala chawo chachikulu chinachokera pamenepo. Mayi Asiyatu ankawauza kuti kwezani, tsitsani, kwinaku akulankhula ndi wogwayo kuti asagone. Utuchi unkagwera pa nkhope ya a Nankhoma. Mlombwa wouma suchekeka msanga. Dzuwa linali litafika pamutu pamene theka la pamwamba linatseguka palokha, mayi Asiyatu n'kukwera pa mpando kulowa.

A Filimoni sanalowe. Ankangopereka zimene mayi Asiyatu ankaitanitsa: madzi otentha, mphasa, bulangete, nsalu youma. A Nankhoma anagona pa simenti yozizira m'mawa wonse, ndipo chiuno chinavulala moti sanakhalenso tsonga. Lole itabwera madzulo, a Nachisale anapeza amuna awo ali pakhonde, duku likadali kumaso, magazi atauma padzanja. Nkhaniyi akulu anga anandiuza kamodzi kokha, tikumanga khoma lija, osandiyang'ana.

"Chitseko chija ndinapanga ndine, Tobiyasi. Chinali chabwino. Chinangochita zimene ndinachiuza."

Apongozi atapita, kachipindako kanasanduka kosungiramo matumba, koma Loweruka a Filimoni ankathirabe oyilo pa mahabu ndi nthenga ya nkhuku. Alamu anga ankati akuwonongera oyilo chimanga. Iwo ankayankha kuti chipinda chimene chinagonekapo wodwala chimadikira wina. Ankaganiza kuti winayo adzakhala iwo. Koma chifuwa chija chinawatengera kuchipatala, ndipo kunyumba anabwera m'bokosi lopangidwa ndi mmisiri wina, limene akanaliona akanatsonya. Nditapita kukawaona asanamwalire, sananene za ana kapena za munda. Anandigwira malaya n'kunena kuti habu la kumapeto layamba kudyeka, ndiwauze a kunyumba. Thupi litafika pa Mitundu, tisananyamuke kubwera kuno, anthu olira anadzazana m'kanjira muja, wina anatsamira, chitseko n'kuguluka.

A Gilibati ali ndi zifukwa zawo. Sanandiuze okha, koma ndamva kwa ena, ndipo ndizinena monga ndinazimvera. Akuti makoswe anachuluka. Akuti m'mpatamo munapezeka njoka. Akuti palibe kalipentala wa pa Mitundu amene anavomera kupisa dzanja m'ntchito ya malemu, ndipo alamu atasamukira m'kachipindako, kusiyira Esinati ndi mwamuna wake chipinda chachikulu, pankafunika chitseko msanga. Zonsezi sindikutsutsa. Ndikudziwanso kuti unkhoswe wanga unatha tsiku limene tinasudzula alamu, ndipo pa Mitundu tsopano ndine mlendo wopatsidwa mpando ndi madzi basi. Ndakalamba, njinga yandikulira, ndipo ndatopa kunena chinthu chimodzimodzi kwa anthu amene amavomera ndi mutu.

Koma masiku ano wokwera lole ndi Esinati. Wotsala pakhomo masana ndi mwamuna wake, a Jere, telala, amene amasokera pakhonde. Ndi mwana waulemu. Akamva ndodo ya apongozi ake ikubwera amaweramira pa makina mpaka itadutsa, ndipo a Nachisale amafunda nsalu kumaso monga ankachitira mayi awo. Ulemu umenewo ndi umene ukundiopsa. Ndiponso telala alibe sowo, ali ndi sizasi.

Mwezi wathawu ndinakwera basi kukawaona alamu. Ndinawapeza atakhala pabedi, mapazi otupa atawaika pa thumba.

"Alamu, mwaona kumene chikutsegukira chitsekochi?"

"Ndinaona tsiku lomwe anapachika."

"Simunanene?"

"Ndinene kwa yani? Mlongo wanga ndiye watsala wondiika m'manda. Ndikangane naye chifukwa cha thabwa?" Anaseka pang'ono. "Akulu anu akanakhalapo bwenzi atagwetsa kale nyumba."

M'kanjiramo kampando kaja mulibe. Pa simenti patsala timaenje pamene miyendo yake inadya, ndipo pakhoma pali chithunzithunzi chakuda cha msana wa akulu anga, chimene laimu walephera kubisa. Msomali umene ankakolekapo chitini cha oyilo ulipo, wopindika, wa kwa a Saidi. Ukagogoda khomalo limayankha ngati ng'oma, ndipo ukagogoda mwamphamvu umamva thabwa likugwedera m'kati. Womata uja anachita changu. Nsonga ya lamba wa ku Halale yatsala panja, pakati pa felemu ndi simenti, yotalika ngati chala. Pamene ndinkatsanzika, alamu anadzuka kuti andiperekeze mpaka pakhonde. Pakhomopo anadzandira. Anatambasula dzanja osayang'ana n'komwe, anagwira kansonga kameneko, n'kuima nako mpaka chizungulire chitadutsa.

Choncho, a Gilibati, pamaso pa abale a mbali zonse ziwiri amene akumva mbiriyi, ndikupempha mwaulemu kuti pakamwa pa khomalo pagumulidwe, chitseko cha akulu anga chitulutsidwe, ndipo habu lake likonzedwe. Chojambula chawo ndili nacho, ndidzabwera nacho kwa mmisiri aliyense amene mungasankhe. Ngati zimenezo zakukulirani, tembenuzani mahinjesi okha, chitseko chizitsegukira m'kanjira. Malemu anakana zimenezi, koma ndikawafotokozera ndekha ndikawapeza. Ndikupempha kuti nkhaniyi iyankhidwe, polemba kapena pakamwa, kwa ine, Tobiyasi Mbewe, ku Nathenje, lole isanabwerenso pamsika.